Tinavota 38 kwa 5 kuti titenge dimba la mayi wamasiye, demokalase ndi imeneyi?

Funso ili lachokera kwa mbale wathu wina wa cha ku Domwe, ku Angónia, ndalifupikitsako pang'ono. Akuti: "Ine ndine mlembi wa asosiyasau (bungwe) ya alimi a mbatata ya kachewere kwathu kuno. Tinatenga motobomba, makina opopera madzi, pangongole nde pamafunika malo a m'mbali mwa mtsinje oti tizilima pamodzi. Malo abwino ndi dimba la mayi wina amene anabwera chitengwa, amuna awo anamwalira chaka chatha, dimbalo alilima zaka zoposa 20. Tinakhala pansi pa mkuyu nkuvota pokweza manja, mayiwo kunalibe, 38 anati titenge, ife 5 tinakana. Atcheyamani akuti nkhani yatha, demokalase ndi imeneyo, ambiri apambana. Koma mtima wanga sukukhala pansi. Kodi demokalase kwenikweni ndi chani? Ambiri akagwirizana nde kuti chilungamo chachitika?"

Achimwene, mtima wanuwo sukulakwa ayi. Ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti olo mutope pakati pa njira mukhale mutamva: voti imatiuza zimene ambiri akufuna, basi. Siyitiuza kuti chimene akufunacho ndi chawo, siyitiuzanso kuti ncholungama. Anthu 38 atha kugwirizana kuti mbuzi yanu yanenepa ndipo pa chikondwerero pakufunika ndiwo, onse manja m'mwamba, inu nokha mwakana, kodi mbuzi ija yasiya kukhala yanu? Nanga dimba likusiyana pati ndi mbuzi?

Koma poti mwafunsa kuti demokalase ndi chani kwenikweni, tiyeni tiyende nayo bwinobwino, chifukwa atcheyamani anuwo sananame zonse, agwira mwendo umodzi wa nyamayi nkumati ndi nyama yonse.

Mawuwa si a Chipwitikizi kapena Chingerezi, anachokera ku Chigiriki, demos ndi anthu, kratos ndi mphamvu kapena ulamuliro. Mumzinda wa Athens anayamba zimenezi cha m'ma 508 Yesu asanabadwe, amasonkhana pa kaphiri kotchedwa Pnyx nkumakambirana za nkhondo, za ndalama za mzinda, akatha manja m'mwamba ngati mmene munachitira inu pansi pa mkuyu paja. Kungoti "anthu" awowo anali amuna a mbadwa okhaokha, akazi ayi, akapolo ayi, obwera ayi. Mayi wa chitengwa ku Athens konko sakanaitanidwanso.

Pali nkhani imodzi ya kumeneko imene ndimakonda kuwafotokozera achinyamata tikamaphunzira za malamulo. Mu 427 Yesu asanabadwe mzinda wa Mytilene, umene unali pansi pa mgwirizano wa Athens, unagalukira. Atawugonjetsa msonkhano wa ku Athens unapsa mtima nkuvota kuti amuna onse a mumzindawo aphedwe, akazi ndi ana atengedwe ukapolo, ndipo ngalawa yonyamula uthengawo inanyamuka osachedwa. Atagona, mkwiyo utaphwa, anthu anayamba kufunsana kuti koma tachita chani ife? Kutacha anakumananso, anthu omwewo, nkhani yomweyo, anakangana kwambiri nkuvotanso, ndipo mbali yokana kupha mzinda wonse inapambana ndi manja ochepa chabe. Anatumiza ngalawa yachiwiri kuti ithamangire yoyamba ija, opalasa ake amadya uku akupalasa, tulo mosinthana, nkukafika mkulu wa asilikali atangowerenga kumene kalata yoyamba ija asanayambe ntchito. Amene amawaganizira kuti anatsogolera kugalukirako anaphedwabe, koma mzinda unapulumuka. Nde ndikufunseni achimwene, chilungamo chinali voti ya dzulo kapena ya lero? Pajatu masiku onse awiri opambana anali ambiri. Patapita zaka 28, mu 399, mzinda wa Athens womwewo unakhazika anthu pafupifupi 500 kuti aweruze nkhalamba ina yokonda kufunsa mafunso, Socrates, pa mlandu woti salemekeza milungu ya mzinda komanso akusokoneza achinyamata. Ambiri anati ndi wolakwa, anam'patsa poizoni amwe, ngati mwavi uja wa makolo athu. Mpaka lero dziko lonse limamukumbukira iye, oweruza 500 aja ayi.

Tsono musamve ngati ndikuti voti ndi yachabe, ayi ndithu, ife a kuno ku Tete tikudziwa chimene chimakhalapo voti ikapanda kukhalapo. Agogo athu anatengedwa chibalo, analima thonje mokakamizidwa, analawa palamatoriya, kathabwa kamabowo kaja komenyera zikhato, ndipo panalibe tsiku limene wina anawafunsa kuti kwezani manja amene mukufuna zimenezi. Ameneyo ndiye ulamuliro wa ochepa. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975 kunali chipani chimodzi, misonkhano inalipo, manja amakwezedwa, maviva amamveka mpaka kutali, koma wotsutsa amadziwa yekha kuti akusewera ndi moto. Kenako nkhondo. Ine inandipeza ndili mnyamata, tinathawira ku Dedza ndi zimene tinatha kusenza, ndipo anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anali ku Malawi nthawi imeneyo. Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndi amene anatsegula khomo la zipani zambiri, pa 4 Okutobala 1992 a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasayina mtendere ku Roma, nde mu Okutobala 1994 tinavota koyamba. Ndimakumbukira agogo anga aakazi anadzuka kusanache, anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, tinaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, atatuluka anakhala masiku angapo akuonetsa aliyense chala cha inki chija ngati mwana woonetsa dzino latsopano. Amati, "Nanenso andiwerenga." Kwa ine ubwino waukulu wa voti ndi umenewo, kuti agogo osadziwa kulemba ndi dokotala wa ku Maputo aliyense ndi mmodzi, komanso kuti wolamulira atha kuchotsedwa popanda mfuti. Anthu tikasiyana maganizo pafunika njira yoti nkhani ithe, ndipo kuwerenga manja nkwabwino kuposa kuwerenga maliro.

Koma taonani zimene zinatsatira. Mu 1994 a Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, a Dhlakama pafupifupi 34, ku nyumba ya malamulo Frelimo mipando 129, Renamo 112, mgwirizano wa zipani zing'onozing'ono wa UD 9, yonse pamodzi 250. Renamo inatsogola m'zigawo zisanu, Sofala, Manica, Zambézia, Nampula ndi Tete wathu yemweyu. Koma malamulo a nthawi imeneyo amati abwanamkubwa a zigawo amasankha ndi pulezidenti, nde munthu wa kuno amene mbali yake inatsogola m'chigawo chake amadzuka nkupeza kuti kuyambira bwanamkubwa mpaka admini wa boma onse ndi a mbali inayo. Zinali zalamulo, inde. Koma wopambana akatenga mphika wonse ndi chikombe chomwe, woluza amayamba kufunsa kuti nanga ine ndikuvoteranji. Mu 1999 kusiyana kunali kochepa kwambiri, 52 kwa 48, madandaulo anakula, ndipo mfuti zitayambanso kulira kuchokera 2013, ndi anthu a kwathu kuno, a mbali za Moatize ndi Tsangano, amene cha m'ma 2015 ndi 2016 anawolokanso malire masauzandemasauzande kukagona m'misasa ku Kapise ku Mwanza. Kusintha kwa malamulo kwa 2018 nkumene kunabweretsa zoti bwanamkubwa azichokera ku voti kuyambira 2019, ngakhale pambali pake anaikaponso sekeletale wa boma wosankhidwa ndi pulezidenti, nde ena amati anapereka ndi dzanja ili nkulanda ndi linali. Nkhani yonseyi mutu wake ndi umodzi, woti kodi woluza amatsala ndi chani.

Palinso ina, yoti "ambiri" amenewo awerengedwa bwanji. Za chisankho cha 2024 tonse tinaziona, bungwe loyendetsa zisankho la CNE linalengeza kuti a Daniel Chapo apeza pafupifupi 71 pa 100, Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, pa 23 Disembala inati 65, a Venâncio Mondlane anakana zonse ziwiri, zionetsero zinatenga miyezi ndipo mabungwe amene amawerenga akuti anafa anthu oposa 300. Sindikufuna tikangane za chipani pano, aliyense ali ndi chake, mfundo yanga ndi yoti anthu akasiya kukhulupirira wowerenga, nambala payokha siyigonetsa munthu tulo. Tsidya linali ku Malawi, amene timamvera mawayilesi awo tikukumbukira za tipeksi wofufutira manambala pa mapepala a zotsatira, chisankho cha 2019 chimene a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti osakwana 39 pa 100, oweruza asanu okha anachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020, nkunenanso kuti wopambana azipitirira theka la mavoti, anthu anavotanso pa 23 Juni. Anthu asanu kugwetsa zotsatira za mavoti mamiliyoni, kodi anapha demokalase? Ine ndimati anaichiritsa, chifukwa khoti loima palokha ndi chiwalo cha nyama yomweyi, mwendo wina umene atcheyamani sanaugwire.

Nde apa ndafika pa chimene ndikufuna mugwiritse. Munda wopanda mpanda ng'ombe zimalowa. Demokalase yeniyeni ili ndi mpanda, ndiye kuti pali zinthu zimene anthu anagwirizana mitu ili yozizira kuti izi sitidzazivotera olo titakwiya bwanji, olo titachuluka bwanji. Nchifukwa chake kusintha malamulo aakulu a dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu, theka nkamodzi sikokwanira. Ndime 35 ya malamulo amenewa imati nzika zonse nzofanana pamaso pa lamulo posayang'ana mtundu, kobadwira, chipembedzo kapena chipani, ndime 36 imati mwamuna ndi mkazi ngofanana, ndime 40 imati aliyense ali ndi ufulu wa moyo ndipo ku Mozambique kulibe chilango cha imfa. Taganizani za ndime 40 yo. Mutapita pamsika wa Ulongwe tsiku limene agwira mnyamata ataba foni nkufunsa kuti kwezani manja amene mukuti awotchedwe, mukudziwa nokha mmene manja angakwerere. Mu 2017 ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera kwa Malawi anthu anaphedwa ndi magulu chifukwa cha mphekesera za anamapopa, ndipo m'midzi yathu yomweyi timadziwa mmene nkhalamba imasandukira mfiti mwana akamwalira mwadzidzidzi, mudzi wonse mawu amodzi. Ameneyotu ndi ambiri. Mpanda uja anaumangira tsiku ngati limenelo, ndipo umateteza iwe wemwe amene lero uli m'gulu la ambiri, paja chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Olo mayiko amene amatamandidwa anagwa m'mbuna yomweyi. Ku Switzerland, kumene amavotera pafupifupi chilichonse, amuna anavota mu 1959 kuti kodi akazi aziloledwa kuvota, awiri mwa atatu alionse anati ayi. Anadzavomera mu 1971. Kachigawo kena kotchedwa Appenzell Innerrhoden, kumene amavota pabwalo pokweza manja, kanakanabe mpaka 1990 pamene khoti lalikulu la dzikolo linawakakamiza. Amuna okhaokha kuvota za akazi, akaziwo ali kunja kwa bwalo akuonerera. Sizikukukumbutsani pansi pa mkuyu paja?

Tibwerere ku dimba tsopano, chifukwa olo titaika chilungamo pambali nkungoyang'ana votiyo payokha, ine ndikuona kuti ndi yolumala. Mwini nkhani kunalibe. Amene amavota ndi omwe adye phindu, nde odandaula ndi omwewo, oweruza ndi omwewo, fisi kukhala nawo pa mlandu wa mbuzi. Munavota pokweza manja pamaso pa atcheyamani, amene mwina ndi omwe amagawa feteleza wa ngongole, nanga ndani angatsitse dzanja akudziwa kuti mwezi wamawa akagogoda pakhomo pawo? Inu asanu munalimba mtima, koma mwa 38 aja ndikutsimikiza alipo amene dzanja linakwera mtima uli pansi. Ndiponso funso linafunsidwa bwanji? Munthu ukamufunsa kuti "mukufuna motobomba igwire ntchito kapena ayi" ayankha zina, ukamufunsa kuti "tilande dimba limene mayi uje amadyetsera ana ake" ayankhanso zina. Wogwira funso nthawi zambiri wagwira kale yankho.

Koma chachikulu ndi ichi: asosiyasau ili ndi mphamvu pa zinthu za asosiyasau. Motobomba ikhale kwa ndani, zopereka zikhale metikashi angati, tsiku lothirira likhale liti, mbatata mukagulitse ku Tete kapena mudikire ogula a ku Beira, pamenepo votani ndipo woluza agonje, demokalase yake ndi imeneyo. Dimba la mayiwo si katundu wa asosiyasau. Malo ku Mozambique ndi a boma, sagulitsidwa, chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timati DUAT. Ambiri amaganiza kuti DUAT ndi pepala la chidindo, ayi. Lamulo la malo la 1997, Lei 19/97, limati ufuluwu munthu amaupeza polima motsata mwambo wa kwawo, kapena ngati nzika yakhala ikugwiritsa ntchito malowo mosabisa, mwa mtima woona, kwa zaka zosachepera 10. Limanenanso kuti kusowa kwa pepala sikuchotsa ufuluwo, kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi wovomerezeka, komanso kuti ufuluwu umasiyidwa ngati cholowa posayang'ana kuti wolandira ndi mwamuna kapena mkazi. Mwambo umalemekezedwa pokhapokha ngati sukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, nde zoti "anabwera chitengwa, mwamuna wafa, abwerere kwawo" sizingaime kutsogolo kwa ndime 36 ija. Onjezanipo lamulo la zamasiye la 2019 limene linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamzere woyamba wa olandira pamodzi ndi ana. Mayiwo zaka 20 akugwira khasu padimbapo, ufulu wawo uli pawiri, wa thukuta lawo ndi wa cholowa.

Mwina atcheyamani ati, koma phindu ndi la anthu ambiri, mmodzi angatsekereze chitukuko cha mabanja 40? Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo ife a ku Tete tinalionera pafupi. Malasha a ku Moatize amati atukula dziko lonse, ndipo kuti mgodi utseguke kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 mu 2009 ndi 2010, ambiri anawapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Anthu anadandaula za nyumba zong'aluka, nthaka yosabereka, kutali ndi msika ndi mtsinje, mpaka mu Januwale 2012 anatseka njanji ya sitima za malasha. Chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, malamulo a kasamutsidwe ka anthu, amene mfundo yake ndi yoti wosamutsidwa moyo wake ukhale wofanana kapena woposa wa kale. Muone kuti olo boma lenilenilo, limene lili ndi mphamvu yochotsa munthu pamalo chifukwa cha zokomera dziko, lamulo limati liyambe lapereka chipukuta misozi choyenera. Phindu likakhala la tonse, mtengo wake usagwere pamutu pa mmodzi. Nanga asosiyasau imene si boma nkomwe, ikutenga ulele, yaitenga kuti mphamvu imeneyo?

Pena ndimaseka anthu akamati demokalase inabwera ndi azungu. Voti ya mabokosi inde, koma bwalo tinali nalo kale, ndipo bwalo labwino silithamangira kuwerenga manja. Wodandaula ayankhule, woyankha ayankhe, ankhoswe, mboni, nduna zifunse mafunso, mfumu imakhala chete nkudzayankhula pomalizira, ndipo isanagamule imafunsa ngati pali wina watsala ndi mawu. Mlandu suzengedwa mwini wake kulibe, ameneyo ndi mwambo wathu weniweni, osati wa ku Roma. Cholinga chimakhala choti anthu awiriwa mawa akakumane ku maliro nkupatsana moni. Komatu ndisakometse mopitirira, bwalo lomwelo linali ndi matenda ake, mkamwini ndi mtengwa mawu awo amapepuka, wachinyamata amauzidwa kuti akudziwa chani, ndipo "tagwirizana tonse" nthawi zina amatanthauza kuti ofooka atopa nkukhala chete. Nde ine sindisankha kuti bwalo kapena bokosi, chilichonse mwa ziwirizi ndimachiyesa ndi funso limodzi lomwelo, kuti munthu amene waluza uja anamvedwa, ndipo watuluka akadali ndi chake?

Tsono inu ngati mlembi mutani? Choyamba cholembera chili m'manja mwanu, lembani akita, lipoti la msonkhanowo, mmene zinayendera, kuti mayiwo sanaitanidwe, kuti voti inali ya manja, kuti asanu anakana ndi zifukwa zawo, musasayine pepala lonena kuti "onse anagwirizana". Kenako pitani kwa atcheyamani panokha, madzulo, osati pagulu poti munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi amaumirira olo akudziwa kuti walakwa, muwapemphe kuti nkhaniyi ikhalenso pansi mayiwo alipo, abwere ndi ana awo kapena ankhoswe awo, a mfumu kapena a regulo akhalepo ngati mboni. Msonkhano umenewo funso lisakhale loti titenge kapena tisatenge, poti limenelo si lanu kufunsa, likhale loti tiwapemphe chani ndipo tiwapatsa chani. Mwina angakonde kulowa mu asosiyasau osalipira zopereka, madzi a motobomba nkumafika pa mbewu zawo poyamba, mwina angalole mbali imodzi ya dimba kwa nyengo zingapo ndi gawo la zokolola, zolembedwa bwinobwino ndipo alangizi a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi, aziwone, mwinanso angalole kuti payipi ingodutsa m'mphepete madzi apite kumunda wina wa kumtunda. Akakana, akana, mugule payipi yaitali. Ndipo pa zimene zili zanu kuvotera, yesani njere m'chitini, chimanga ndi eya, nyemba ndi ayi, aliyense aponye dzanja lili lofumbata, mudzaona nokha kuti 38 ija inali 38 yeniyeni kapena ayi.

Zikakanika nkuyamba kugwetsa mpanda wa dimba mwa mphamvu, mayiwo ali ndi kopita. Ayambire kwa mfumu ndi khoti la m'mudzi, tribunali komunitariyo, zikapanda kumveka apite ku boma ku Ulongwe, ku SDAE kumene amaona za malo ndi ulimi, ku IPAJ kumene amathandiza anthu osowa ndalama pa milandu, kapena ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu. Atenge mboni zimene zinawaona akulima zaka zonsezi, amayi anzawo a madimba oyandikana ndiye mboni zabwino kwambiri, ndipo ngati pali nthochi, nzimbe kapena mitengo ya mapichesi imene anadzala okha aitchule, imeneyo ndi umboni wosasowa.

Ndipo anzanu 38 aja ngati za chilungamo sizikuwalowa, alankhuleni za m'thumba. Muwauze kuti tikathira mbewu, feteleza ndi mafuta a motobomba pamalo a mkangano, khoti nkudzati tulukani mbatata ili pa maluwa, mwini ngongole sadzafunsa kuti munavota angati, adzafuna ndalama zake tsiku limene munagwirizana, ndipo pa pepala la ngongolelo pali dzina la atcheyamani ndi lanu achimwene.